Munthu akasowa, zaka n'kumapita: banja ligwire pati?

Anangozo (Lizulu):
Moni nonse apagulu. Pali nkhani imene ili m'midzi yambiri kuyambira ku Chimbiya mpaka ku Kampepuza, koma timaikamba monong'ona. Ndi ya mabanja amene munthu wawo anasowa, chaka n'kutha, ziwiri, zisanu, osamveka ngakhale mphekesera. Wina anakwera basi ya ku Joni foni n'kuzimira ku Tete, wina anapita ku ganyu ya kachewere ku Angonia, wina ndi gogo amene anangotuluka m'mawa mutu utasokonekera. Maliro sanachitike, mkazi sakudziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye, ana akufunsa. Amene mukudziwa za kupolisi, za kukhoti, za kuchipatala ndi za miyambo, tiyalireni bwinobwino: banja liyambire pati, nanga nthawi ikapita ligwire pati? Chonde tisatchule maina a mabanja muno.

A Kamwendo:
Ndiyambe ndi masiku oyambirira, chifukwa zimene zimadzavuta patatha zaka 7 zimakhala zitalakwika sabata yoyamba. Palibe lamulo loti mudikire maola 24 musanakanene kupolisi. Zimenezo anthu anazitola m'mafilimu. Mukangoona kuti kusowaku si khalidwe lake, pitani tsiku lomwelo, ndipo kukanena n'kwaulere.

Pa kauntala musachokepo chimanjamanja. Nkhani yanu imalembedwa m'buku la OB (Occurrence Book, buku limene apolisi amalembamo nkhani zonse zofika pa kauntala), ndiye funsani nambala ya OB ndi deti lake, mulembe. Funsaninso dzina la wapolisi amene wapatsidwa nkhaniyo. Mutenge chithunzi chaposachedwa chooneka nkhope yonse, osati cha pa ukwati cha zaka 10 zapitazo, nambala ya chiphaso cha unzika, manambala onse a foni ngakhale akale, komanso mukumbukire zovala zimene anavala ndi zizindikiro za m'thupi: chipsera, mphini, dzino loguluka, chala chopindika, kayendedwe. Ngati amamwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga kapena a matenda a m'maganizo, nenani, pakuti zimenezo zimauza wofufuza kuti ngozi ndi yaikulu bwanji komanso chipatala chimene angakatulukire.

Chimene chimapha nkhani zambiri n'choti banja limangokanena kwa amfumu ndi kwa anyamata a chitetezo cha m'mudzi, n'kumaona ngati zafika kuboma. Amenewo ndi ofunika posaka m'madimba, m'zitsime ndi m'mitsinje, koma alibe buku la OB. China ndi manyazi. Banja limabisa zoti munthuyo anali ndi ngongole ya katapila, anali ndi chibwenzi ku Biriwiri, kapena anadutsa malire mozemba. Wapolisi ndiye amasaka munthu amene inu mwamupeka, osati amene anasowayo.

Make Tadala:
A Kamwendo, nanga akakuuzani kuti "ameneyo ndi wamkulu, ali kwa mkazi wina, abwera yekha"? Ambiri amabwerera pomwepo.

A Kamwendo:
Mayi, n'zoona kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wochoka osatsanzika, ndipo akapezeka n'kunena kuti sakufuna kubwerera, apolisi sangamumange n'kubwera naye. Koma zimenezo sizichotsa udindo wolemba. Pemphani mwaulemu kuti ilembedwebe. Zikakanika funsani ofesi ya Victim Support Unit kapena mkulu wa polisiyo, ndipo kulinso bungwe la Independent Complaints Commission lolandira madandaulo okhudza apolisi. Akakhala mwana wosakwana zaka 18 palibenso zokambirana. Imbani 116, ndi yaulere, mudziwitsenso a zachisamaliro cha anthu kwa DC.

A Chimphamba (Mua):
Ndiwonjezere mbali imene mabanja amaiopa n'kumaichedwetsa: ku mochale. Msewu wa M1 unadula maboma athu awiriwa, Dedza ndi Ntcheu, ndipo ngozi zake mukuzidziwa. Munthu wogundidwa usiku alibe chiphaso m'thumba amalembedwa kuti wosadziwika. Akavulala kwambiri amamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiye banja limene lafunsa pa chipatala cha Dedza kapena cha Ntcheu pokha n'kuuzidwa kuti kulibe, silinamalize. Funsani ku wodi, funsani m'kaundula wa otumizidwa kwina, kenako ku mochale. Muyendenso zipatala za mishoni ndi za maboma oyandikana nafe, Balaka, Salima, Mangochi, malinga ndi komwe ankalowera.

Thupi silisungidwa mpaka kalekale. Likakhala popanda mwini, apolisi atalengeza, limakaikidwa ndi aboma, ndipo kawirikawiri okumba manda amakhala akaidi. Mukafika mochedwa musangomva kuti "anaikidwa" n'kutembenuka. Funsani ngati anajambula zithunzi, ngati anasunga zovala, ngati anatenga zidindo za zala, ndi malo enieni a mandawo. Kukazindikira thupi asapite mayi ake kapena mkazi wake yekha. Apite malume kapena mlongo wolimba mtima amene akudziwa zipsera, chifukwa pakatha masiku nkhope imasintha ndipo munthu wachisoni amatha kuvomera thupi la eni, kapena kukana lake lomwe.

Amoyo nawonso amasowera m'manja mwa boma. Wodwala m'maganizo amatha kutoledwa pamsika n'kukathera ku chipatala cha Zomba Mental asakutha kutchula mudzi wake. Wina ali pa limandi ku Maula, ku ndende ya Dedza kapena ya Ntcheu, foni anamulanda pomumanga, nambala ya kumudzi sanaisunge m'mutu. A PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo amene amayenda m'ndende, akhoza kukuthandizani kuona m'mabuku.

Bambo a Yamikani:
Za foni ndikambepo pang'ono, pali misozi yambiri yosafunika pamenepa. A Airtel kapena a TNM sangakupatseni inu ngati banja mndandanda wa mafoni amene munthu anaimba kapena dera limene foni inazimira. Amapereka kwa apolisi, ndi chilolezo cha khoti. Choncho ntchito yanu ndi kukumbutsa wofufuza kuti apemphe msanga, nkhani idakali yotentha. Musungenso bokosi la foniyo ngati lilipo, pali nambala ya IMEI imene imaonetsa foniyo ikaikidwa simu ina.

Tsopano chopweteka ndi ichi. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitenga n'kugulitsa nambalayo kwa munthu wina. Ndiye patatha chaka mayi ayesa kuimba, foni ikulira, wayankha mlendo, pa WhatsApp paoneka chithunzi chachilendo. Banja limayamba kunena kuti ameneyu ndiye anamupha, pamene munthuyo anangogula simu pamsika. Mukaona zotere kauzeni wofufuza, musamuopseze mwini nambala watsopanoyo. Komanso musakachititse simu ina m'dzina la wosowayo pofuna kutapa ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money. Mumasokoneza umboni, ndipo mawa lino wokayikiridwa woyamba mukhala inu.

A Maseko (Tsangano):
Ambiri mwa amene tikukambawa anasowera kunja, ndiye tiyeni tiilondole njirayo. Amatulukira pa chipata cha Dedza kulowa Calomue, kudzera Tete, Nyamapanda, kudula Zimbabwe mpaka Beitbridge. Wopanda pasipoti amatsika basi asanafike pa chipata n'kudzera m'tchire ndi omuperekeza, ndipo pa Limpopo ndi pamene pamathera ambiri, ena ndi madzi, ena ndi achifwamba. Funso loyamba kwa banja ndi lakuti: anamunyamula ndani? Dzina la transipota, nambala ya galimoto, amene analipira ndalama, amene amakamulandira ku Johannesburg. Anthu amenewa amasintha manambala msanga, ndiye afunseni sabata yomweyo, apolisi akudziwa.

Vuto lalikulu ku Joni ndi maina. Mnyamata wa kwa Ganya amakagwira ntchito ndi pepala la munthu wina, anzake amamudziwa ndi dzina lapantchito. Akamangidwa amatchula dzina lachitatu. Banja likufunsa dzina la pa ubatizo, buku lili ndi dzina lina. Choncho sonkhanitsani maina onse amene ankadziwika nawo. Wogwidwa chifukwa cha mapepala amapita ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, kufupi ndi Krugersdorp, ndipo lamulo lawo limati asasungidwe kupyola masiku 120, ngakhale ena amapitirira. Womwalira osadziwika amamutenga zidindo za zala, koma ngati analowa mozemba zala zake mulibe m'makompyuta a dzikolo, ndiye pakatha masiku 30 akhoza kuikidwa m'manda a osauka. Kumbukirani moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Johannesburg mu August 2023, umene unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Kuzindikira matupi kunavuta pa zifukwa zomwezi.

Kokafunsa: a Malawi Red Cross ali ndi ntchito yolumikizanitsa mabanja otayana, ndi yaulere, mumadzaza fomu ndipo amagwira ndi anzawo a maiko enawo. Kuli ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg, ndipo wosowera ku Mozambique kuli ofesi ku Tete. Magulu a maliro a Amalawi a m'makomboni a ku Joni nthawi zambiri amadziwa msanga kuposa maofesi onsewa.

Agogo a ku Nsipe:
Ana inu, za matchona si za lero. Wenela, kampani yolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, anatenga amuna ambiri m'midzi muno mpaka 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70, Kamuzu n'kuletsa. Ena anapita ku Halale wapansi osabwerako. Kusiyana kwake n'kwakuti kale kalata ikachedwa miyezi 6 sitinkadabwa. Lero foni ikazima masiku awiri nyumba yonse sigona.

Anambewe (Linthipe):
Zikomo agogo. Abambo afotokoza bwino za kusaka, koma ine ndikufuna tikambe za otsala pakhomo, poti ndiwo mutu wa nkhani.

Pa maliro pali dongosolo. Anthu amagona pa siwa, amaika, amameta, ankhoswe amakhala pansi, wamasiye amasudzulidwa, aliyense amadziwa malo ake. Munthu akasowa palibe dongosolo lililonse. Sabata yoyamba mudzi wonse uli pakhomo, mwezi ukatha atsala awiri, chaka chikatha anthu amayamba kupatuka njira posowa chonena. Mkazi amatsala pakatikati. Akavala bwino akuti wamuiwala kale mwamuna, mwina akudziwapo kanthu. Akamangolira akuti akulosera imfa. Ngati ali pa chitengwa, akuchimuna amayamba kumuwerengera mbuzi ndi matumba a chimanga. Ngati banja linali la chikamwini mkaziyo munda ali nawo, koma akuchimuna amabwera kudzafunsa kuti mwana wathu munamutani, ndipo chibale cha mbali ziwirizi chimatha pomwepo. Akasowa ndi mkazi, mwamuna ndiye woyamba kulozedwa chala, nthawi zina moyenera, nthawi zina ayi.

Ndalama zimapita mwakachetechete. Thiransipoti ya ku polisi, ya ku Lilongwe, ya ku Ulongwe, zidziwitso za pa wailesi, mayunitsi. Amayamba kugulitsa nkhuku, kenako mbuzi, kenako amabwereketsa dimba. Amene anasowayo mwina ndiye ankatumiza ya feteleza ndi ya fizi, ndiye ndalama yolowa yaima pamene yotuluka yachuluka. Ngongole yake ya ku banki mkhonde gulu limaifuna kwa mkazi. Mwana wamkulu, makamaka wamkazi, ndiye amasiya sukulu.

Malangizo anga ndi oti banja likhale pansi mwezi woyamba womwewo n'kugwirizana malire: posaka tigwiritsa ntchito zakutizakuti, koma mbewu, munda ndi fizi sitikhudza. Zimamveka zouma mtima, koma kusaka kwa zaka kumafuna banja limene likudya.

Make Tadala:
Apo pa feteleza mwakhudza. Ngati dzina lolembedwa pa feteleza wotsika mtengo ndi la wosowayo, chiphaso anapita nacho, zimatha bwanji?

Anambewe (Linthipe):
Pogula amafuna chiphaso cha mwini dzina, ndiye musadikire tsiku logula. Pitani kwa alangizi ndi kwa amfumu nthawi ya kalembera isanafike, mutatenga nambala ya OB ija, mupemphe kuti pakhomopo palembedwe amene alipo. Chimodzimodzi Mtukula Pakhomo, kauzeni a komiti ndi a zachisamaliro cha anthu kuti wolandira asinthidwe. Mukangokhala chete dzina limangofufutika.

A Chikuse:
Ndilowepo pa za malamulo. Pamaso pa lamulo munthu wosowa ndi wamoyo. Akaunti yake ku banki ndi yake, penshoni yake singaperekedwe ngati ya womwalira, nyumba ya m'dzina lake simungaigulitse. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limateteza mkazi ndi ana komanso limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, limayamba kugwira ntchito pakakhala imfa. A NRB, ofesi ya kalembera wa unzika, nawo sangakupatseni chikalata cha imfa chifukwa choti mwatopa kudikira.

Njira yake ndi ya kukhoti. Mfundo imene makhoti amatsata ndi yakuti munthu akatha zaka 7 osamveka kwa anthu amene akanayenera kumva za iye, ndipo anafunidwa mokwanira, khoti likhoza kugamula kuti atengedwe ngati anamwalira. Mawu oti "anafunidwa mokwanira" ndi pamene pamagwera mabanja ambiri. Woweruza safuna misozi, amafuna mapepala: lipoti la apolisi, malisiti a zidziwitso za pa wailesi, kalata ya amfumu, yankho la a Red Cross, makalata amene munalembera ofesi ya kazembe, ndi malumbiro a anthu amene anamuona komaliza. Amene sanakanene kupolisi chaka choyamba amapezeka kuti alibe poyambira kuwerenga zakazo.

Zaka 7 si khoma losadumphika. Ngati pali umboni wamphamvu woti munthu anafera pa ngozi yodziwika, monga bwato limene linagubuduzika ndi mwera anthu akuona, kapena madzi osefukira amene anamukokolola pamaso pa mboni, khoti likhoza kugamula zisanakwane. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anasiya anthu oposa 500 osapezeka ku chigawo cha kummwera, ndipo palibe akanauza mabanja amenewo kuti imfayo ndi yokayikitsa. Chigamulo chikatuluka ndiye mumalembetsa imfa, n'kuyamba za chuma kudzera kwa DC kapena kwa Administrator General. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Za banja ndi nkhani ina. Mkazi kapena mwamuna sakakamizidwa kudikira zaka 7 kuti amasuke. Akhoza kupempha khoti kuthetsa ukwati pansi pa lamulo la maukwati la 2015, ndipo ukwati wa kwa ankhoswe umatha kuthetsedwa kwa majisitireti. Kusudzula kwa kumudzi kuli ndi malo ake, koma pepala la khoti ndi limene limadzateteza mayiyo mwini wake akadzatulukira.

A Ngozo (Njolomole):
A Chikuse mwalongosola, koma pa mwambo ine ndiima apa: maliro opanda thupi ayi. Mukalira munthu wamoyo mwamutsekera njira, ndipo akadzabwera mudzamulandira bwanji, mutameta kale? Matchona ena abwera patatha zaka 20, imvi zili mbuu. Chimene akuluakulu angachite ndi kumasula mkaziyo. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi pamaso pa amfumu, anene poyera kuti mayiyu alibe mlandu, ana akhala kwakuti, katundu wa pakhomo ndi wa ana, ndipo zilembedwe m'buku la amfumu. Zimenezo sizifuna manda.

Anaphiri (Bembeke):
Bambo Ngozo, za kumasula mkazi ndagwirizana nanu, koma pa zinazo ndisiyana nanu pang'ono. Pakati pa maliro ndi kungokhala chete pali malo. Banja likhoza kuitana mpingo kapena mphakati kudzachita mapemphero okumbukira wosowayo, osamutchula kuti malemu, osamanga chiliza, chaka ndi chaka pa deti limene anachoka. Phindu lake ndi loti mudzi umabweranso pakhomo paja, dzina lake limatchulidwa mokweza, ana amaona kuti si nkhani yochititsa manyazi. Ngakhale dziko lonse lapansi lili ndi tsiku lokumbukira osowa, pa 30 August.

Chimene ndimakana ndi kukakamizana. M'nyumba imodzi mayi amakhulupirira kuti mwana ali moyo, bambo anavomereza mumtima kuti anapita, ndipo aliyense amaona mnzake ngati wankhanza kapena wopenga. Onse awiri alibe umboni, ndiye palibe wolakwa. Maukwati ambiri amatha pamenepa. Alangizi a mabanja asamathamangire kunena kuti "vomerezani", chifukwa munthu savomereza chinthu chimene sanauzidwe.

Kwa Akatolika ndiwonjezere kuti chigamulo cha khoti pachokha sichikwanira kuti munthu adalitsenso ukwati wina. Malamulo a mpingo amati Ambuye Episkopi afufuze okha n'kupereka chikalata choti mnzakeyo akutengedwa ngati anamwalira, ndipo kusowa kokha, kaya kwa zaka zingati, sikukwana popanda umboni wina. Yambirani kwa bambo mfumu a parishi, mutatenga mapepala omwe aja a Chikuse atchula.

A Ngozo (Njolomole):
Mapemphero opanda kumeta sindikutsutsa, mayi. Tamvana.

A Chimphamba (Mua):
Thupi nalo limalipira. Zimene zimafika ku chipatala ndi mutu wosatha, kusagona, BP yokwera, kuwonda, mtima kuthamanga foni ikalira usiku. Abambo ambiri amathawira ku kachasu. Munthu amapatsidwa panado miyezi ndi miyezi chifukwa sananene kuti kunyumba kuli wosowa. Nenani kwa dokotala, zipatala za maboma zili ndi anamwino a za matenda a m'maganizo, ndipo a St John of God ali ku Lilongwe. Wina akayamba kunena zoti bola kufa, kapena kugawa katundu wake, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, mupite naye tsiku lomwelo.

Ana musawanamize kuti adadi ali ku ntchito abwera pa Khirisimasi. Khirisimasi imafika. Auzeni zoona zolingana ndi msinkhu wawo: sitikudziwa komwe ali, tikuwafunafuna, si chifukwa cha iwe, ndipo iwe ukhala ndi akutiakuti. Aphunzitsi awo adziwitsidwe, poti mwana wotere amayamba kujomba kapena kumenya anzake.

Bambo a Yamikani:
Chenjezo lina. Mukaika chithunzi pa Facebook kapena chidziwitso pa Zodiak, MBC kaya Bembeke FM, konzekerani akuba. Amaimba kuti m'bale wanu ali pano wadwala, tumizani ya thiransipoti, kapena amadzitcha apolisi a pa Mwanza. Musatumize kalikonse musanamve mawu ake kapena kuona vidiyo. Sungani chizindikiro chimodzi osachilengeza, monga chipsera cha pamsana kapena dzina la kuubwana, kuti muziyesera oimbawo. Pa chidziwitso ikani nambala ya polisi ndi ya mwamuna mmodzi wa m'banjamo, osati ya mayi wosweka mtimayo.

Anangozo (Lizulu):
Nanga za asing'anga ndi aneneri tizizemba? Poti kumeneko ndi kumene mbuzi zambiri zathera.

A Kamwendo:
Tisazembe. Munthu wosowa pogwira amapita kulikonse, sindimuweruza. Koma taonani kachitidwe kake: woombeza sanena kuti sindikudziwa. Amati ali moyo koma anamutseka m'maso, bweretsani mbuzi. Ikatha, akuti mankhwala achepa mphamvu. Pamapeto amaloza munthu, ndipo wolozedwayo amakhala gogo wosauka wa m'banja momwemo, kapena wa chigayo amene akuti anamusandutsa ndondocha. Pamenepo banja limene linataya munthu mmodzi limataya wachiwiri, anyamata n'kukathera ku ndende. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ngati pali amene mukumukayikira pa zifukwa zenizeni, anakangana naye, anamuona naye komaliza, wapezeka ndi njinga yake, dzina limenelo likaperekedwe kwa wofufuza, osati ku bwalo la achinyamata.

Izi sizikutanthauza kuti zoopsa kulibe. Tonse tikukumbuka mnyamata wachialubino amene anabedwa kuno ku Dedza mu February 2019. Akasowa munthu wachialubino, kapena mwana amene wina anamulonjeza ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, ya ku esiteti ya fodya kaya ya kunja, nenani mawu amenewo pa kauntala pomwepo, chifukwa nkhaniyo imalowa pa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, ndipo a pa zipata za Dedza ndi Biriwiri ayenera kudziwitsidwa tsiku lomwelo. A APAM, bungwe la anthu achialubino, nawonso auzidwe.

Make Tadala:
Funso lomwe ambiri ali nalo: nkhani yatha zaka 4, wapolisi uja anasamutsidwa, watsopano sakuidziwa. Basi yafa?

A Kamwendo:
Siinafe, yagona, ndipo woidzutsa ndi banja. Gulani kope lachikuto cholimba. Tsamba loyamba nambala ya OB ndi chithunzi, kenako ulendo uliwonse: deti, ofesi, amene munalankhula naye, zimene ananena. Mapepala onse achititseni fotokope, enieniwo asachoke pakhomo, ndipo ajambuleni pa foni ya wachibale wina kuopa chiswe ndi moto. Banja lisankhe munthu mmodzi wolankhula ndi apolisi. Akamapita anthu asanu aliyense ndi nkhani yake, fayilo imadzaza zotsutsana.

Wofufuza akasintha, lembani kalata yaifupi kwa mkulu wa polisiyo yotchula nambala ya OB ndi kupempha dzina la amene watenga fayilo, ina adinde ikhale yanu. Kafunseni pa miyezi itatu iliyonse, ndipo muzipita ndi funso lenileni: kodi za foni zija zinabwera, kodi uthenga unapita ku mapolisi ena, kodi mwayerekeza ndi matupi osadziwika a chaka chino? Funso loti "pali chatsopano?" yankho lake limadziwika kale. Mukasamuka kapena kusintha nambala, kasintheninso mu fayilo, poti zimachitika kuti uthenga wapezeka koma banja silikupezeka.

Anangozo (Lizulu):
Lina labwera ku inbox, mwini wake sakufuna kudziwika. Akuti otola nkhuni akapeza mafupa ndi nsanza m'nkhalango, monga ku Chongoni kapena ku Dzalanyama, banja lokayikira kuti ndi munthu wawo lichite chiyani?

A Chimphamba (Mua):
Asakhudze, asasunthe, asatole ngakhale lamba kapena nsapato. Wina atsale akulondera chapatali kuopa agalu ndi anthu ofuna kuonerera, wina akauze amfumu ndi apolisi. Apolisi amabwera ndi wachipatala, ndipo mmene mafupa agonera, chingwe, chibowo pa chigaza, zonsezo zimanena za imfayo. Banja libweretse kope lija. Mano ndi mafupa amene anathyokapo kale ndi amene amathandiza kwambiri, ndiye ngati pali buku la kuchipatala kapena chithunzi cha X-ray chakale, tengani. Zovala zokha si umboni wokwanira, malaya a pa kaunjika amafanana.

Pamakhala changu choti aikidwe pomwepo chifukwa cha mmene thupi lilili. Musanavomere, pemphani kuti zithunzi zijambulidwe, lipoti la wachipatala lilembedwe, ndipo ngati pali chikayiko asungeko dzino kapena kachidutswa ka fupa la ntchafu kuti DNA idzayezedwe. Kufukula pambuyo pake kumafuna chilolezo ndipo n'kovuta.

A Chikuse:
Ndipo imfa yosadziwika chifukwa chake majisitireti ali ndi mphamvu yoifufuza, banja likhoza kupempha zimenezo kudzera kwa apolisi. Pa DNA, oyenera kupereka magazi kapena malovu ndi mayi ake omubereka, bambo ake, kapena mwana wake. Akasowa amenewa ndiye abale a bere limodzi. Msuweni ndi mlamu sathandiza, mkazi wake yekha ayinso, pokhapokha ayezedwe limodzi ndi mwana. Ngati makolo a wosowayo ndi okalamba, kafunseni kupolisi ndi kwa a Red Cross ngati zingatheke kuwatengeratu adakali moyo.